Ana amaphunzira mosiyana: zoyenera kufufuza musanagawe kalasi m'magulu

Lembani samu iyi pa bolodi m'kalasi ya Sitandade 3: 52 − 17. Mukatolera makope mupeza mayankho osiyanasiyana. Ena alemba 35, ndipo akhoza. Ena alemba 69 chifukwa sanayang'ane chizindikiro, angowonkhetsa. Ena alemba 34 kapena 36, ndipo m'mphepete mwa tsamba muona timizere 52 tomwe anajambula n'kuyamba kufufuta kamodzikamodzi mpaka kusokonezeka pakati. Ambiri alemba 45. Pochonga, onse olakwawa amaoneka ofanana, koma vuto lawo si limodzi. Ngakhale a 45 aja ali pawiri. Wina waona kuti 7 sangachoke pa 2, ndiye wangotembenuza: 7 kuchotsa 2 ndi 5, kenaka 5 kuchotsa 1 ndi 4. Mnzake wabwereka bwinobwino, wachotsa 7 pa 12 n'kupeza 5, koma waiwala kuti makumi atsala 4, osati 5. Wachiwiriyu watsala pang'ono, kungomukumbutsa kamodzi akonza yekha. Woyambayo sanamvetsebe kuti 5 wa mu 52 ndi makumi asanu, ndipo akufunika masiku angapo akumanga ndi kumasula mitolo ya timitengo. Yankho lokha silingakuuzeni kuti uyu ndi uti. Muyenera kumuitana mwanayo n'kumufunsa kuti, "Tandiuza, wayenda bwanji kuti upeze 45?"

Nkhani yophunzitsa ana molingana ndi kusiyana kwawo imayambira pamenepa. Ku koleji ya aphunzitsi ndi m'misonkhano ya ku TDC (malo omwe aphunzitsi a m'dera amakumana kuti asulidwe pa ntchito yawo) mawu akuti ana ndi osiyana amanenedwa kawirikawiri, ndipo ndi oona. Chovuta ndi kusankha kuti mwa zonse zomwe ana amasiyana, mphunzitsi ataye nthawi yake pa chiti. Pajatu maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero makalasi a ana oposa 100 sasowa, makamaka Sitandade 1 mpaka 4, ngakhale cholinga cha boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Munthu wosamala ana ochuluka chotere alibe nthawi yoyesa chilichonse chomwe wamva.

Carol Ann Tomlinson wa ku University of Virginia ku America, yemwe anatchukitsa kaphunzitsidwe kotereka, amati mphunzitsi angasinthe zinthu zinayi: chimene mwana akuphunzira, njira yomwe akudzera pochiphunzira, momwe akuonetsera kuti wamva, ndi malo ophunzirirapo. Posintha zimenezi amayang'ana zitatu mwa mwanayo: pomwe wafika, zomwe zimamusangalatsa, ndi momwe amakondera kuphunzira. Chachitatuchi ndi chomwe chinatchuka kuposa zinzake, komanso ndi chomwe chasocheretsa aphunzitsi ambiri.

Ana a maso, ana a makutu, ana a manja

Ganizo lake ndi losavuta kumva, n'chifukwa chake linafala msanga. Akuti mwana wina amagwira zinthu akaona chithunzi, wina akamva ndi khutu, wina akawerenga n'kulemba, wina akakhudza ndi manja. Mphunzitsi apeze mtundu wa mwana aliyense, amuphunzitse kudzera pa khomo lakelo, ndiye kuti akhoza. Mu 1987 Neil Fleming wa ku New Zealand anakonza mafunso ogawa anthu m'mitundu inayi imeneyi, omwe amadziwika ndi dzina loti VARK. Si iye yekha. Mu 2004 gulu la Frank Coffield ku Britain linawerenga njira 71 zogawira anthu motere. Kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti mwa aphunzitsi omwe anafunsidwa ku Britain ndi ku Netherlands, oposa 90 pa 100 aliwonse ankakhulupirira kuti mwana amakhoza bwino akaphunzitsidwa m'njira yomwe amakonda.

Kuyesa ngati zimenezi ndi zoona sikovuta. Mumatenga ophunzira, n'kuwagawa kuti awa ndi a maso, awa ndi a makutu. Gulu lililonse mumaligawanso pawiri mwa maere: theka liphunzire ndi zithunzi, theka linalo liphunzire pomvetsera. Pomaliza onse alembe mayeso amodzi. Ganizoli likakhala loona, a maso omwe anaphunzira ndi zithunzi apose a maso anzawo omwe anamvetsera, ndipo kwa a makutu zikhale mosemphana. Mu 2008 Harold Pashler ndi anzake atatu anasanthula kafukufuku yemwe analipo kufunafuna zotsatira zoterezi. Anapeza kuti akafukufuku ochepa kwambiri ndi omwe anayesa m'njira yoyenerayi, ndipo mwa ochepawo angapo anapeza zotsutsana ndi ganizoli. Anagamula kuti palibe umboni wokwanira woti sukulu ziziwonongerapo nthawi ndi ndalama. Naye Howard Gardner, yemwe mu 1983 analemba za mitundu yosiyanasiyana ya nzeru, wakhala akukana kuti zomwe ananenazo zizisakanizidwa ndi nkhani ya ana a maso ndi a makutuyi.

Tisamve molakwika. Zokonda zilipo ndithu. Mwana akati amakonda zithunzi sakunama. Chomwe sichinapezeke ndi chakuti kumupatsa zithunzi zokhazokha kumachititsa kuti amve bwino kuposa njira ina. Chifukwa chake n'chakuti zambiri zomwe ana amaphunzira kusukulu ndi matanthauzo, ndipo tanthauzo silikhala m'diso kapena m'khutu. Chimene chimalamula njira ndi phunzirolo. Malo a mtsinje wa Shire pa mapu, kuchokera ku nyanja kudutsa Liwonde mpaka Nsanje, mwana aliyense ayenera kuwaona. Kusiyana kwa katchulidwe ka mawu awiri a Chingerezi ofanana pang'ono, aliyense ayenera kukumva ndi kukutchula yekha. Kuyeza kutalika kwa bedi la ndiwo zamasamba ndi chingwe cha mita, aliyense ayenera kugwira chingwecho. Ndipo pomwe chinthu chingaonetsedwe m'njira ziwiri, monga kujambula chithunzi uku mukufotokoza, ana onse amapindula, osati a mtundu umodzi okha.

Kuipa kwa kumata mwana dzina kumaoneka pang'onopang'ono. Mwana wouzidwa kuti ndi wa manja amapeza chifukwa chothawira buku, chikhalirecho mayeso a PSLCE ku Sitandade 8 adzamufuna awerenge ndi kulemba. Mphunzitsi nayenso amatopa pachabe kukonza phunziro limodzi katatu. Choopsa kwambiri ndi chakuti dzinali limabisa vuto lenileni. Mwana yemwe tikumuti ndi wa makutu chifukwa sayang'ana pa bolodi, mwina pa bolodipo sakuonapo kanthu.

Yambani ndi maso, makutu ndi chilankhulo

Sabata yoyamba ya teremu, musanaganize za magulu, yesani maso. Lembani malembo ndi manambala osakaniza pa bolodi, kukula kwake kofanana ndi momwe mumalembera tsiku ndi tsiku. Ana abwere asanuasanu, aime kumbuyo kwenikweni kwa kalasi, aliyense atseke diso limodzi ndi chikhatho n'kutchula, kenaka diso linalo. Kwa omwe sadziwa malembo jambulani zinthu zodziwika monga kapu, nsomba ndi nyumba. Ntchitoyi imatha m'maphunziro awiri kapena atatu. Pa masiku ena yang'anirani mwana amene amatsinzina pang'ono poyang'ana kutali, amene amayandikitsa buku kumphuno, ndi amene nthawi zonse amakopera m'kope la mnzake m'malo mwa pa bolodi. Womalizayu kawirikawiri amakalipiridwa kuti ndi woonera, pomwe iye akungofuna pomwe angaone. Ana achialubino ambiri saona bwino ndipo kuwala kumawapweteka m'maso. Akhale kutsogolo, mbali yomwe kulibe windo lolowetsa dzuwa, muwalembere malembo akuluakulu pa pepala lawolawo, ndipo ngati kalasi ili pansi pa mtengo aloledwe kuvala chipewa.

Poyesa makutu imani kumbuyo kwa mwana, mtunda wa mkono umodzi, pomwe sangaone pakamwa panu. Tchulani mawu atatu motsitsa, iye abwereze. Chitani khutu lililonse palokha. Mwana wotuluka mafinya m'khutu, wopendeketsa mutu pomvetsera, kapena woyamba ntchito pokhapokha ataona zomwe anzake akuchita, makolo ake auzidwe kuti apite naye kuchipatala. Kuyesa kwa m'kalasiku sikulowa m'malo mwa dokotala, kumangokuthandizani kudziwa woyenera kutumiza. Pakadali pano mukhazikeni pafupi, ndipo musamayankhule mutayang'ana ku bolodi.

Chilankhulo ndi nkhani ina yomwe imaoneka ngati ulesi kapena manyazi. Mabuku ambiri a m'makalasi oyambirira ali m'Chichewa, koma mwana wa ku Rumphi wakula ndi Chitumbuka, wa ku Mangochi ndi Chiyao, wa ku Nsanje ndi Chisena. Funsani mwana aliyense chilankhulo cha kunyumba n'kuchilemba pambali pa dzina lake. Mwana wachete chifukwa cha chilankhulo amasintha msanga akakhala pambali pa mnzake wodziwa zonse ziwiri, komanso mawu ofunika a m'phunzirolo akatanthauziridwa phunziro lisanayambe. Vuto lomweli limagwera kalasi yonse ku Sitandade 5, pomwe maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Mwana yemwe chaka chatha ankakhoza sayansi ndipo lero wangoti duu, mufunseni funso lomwelo m'Chichewa musanagamule kuti sayansi yamukanika.

Kupeza pomwe mwana wafika

Pa zonse, ichi ndi chomwe chimabweza phindu lalikulu. Bungwe la Pratham la ku India linaona kuti ana ambiri a m'makalasi apakati sankatha kuwerenga nkhani ya kalasi yachiwiri, pomwe aphunzitsi ankangotsatira silabasi. Linayamba kugawa ana potengera zomwe akutha, osati zaka kapena kalasi yawo, kwa ola limodzi kapena kuposerapo pa tsiku. Njirayi inayesedwa kangapo ndi akatswiri monga Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, ndipo inaonetsa kuti ana otsalira amakwera msanga. Zambia inaitenga mu 2016 pa dzina loti Catch Up, kuyambira m'sukulu 80, kwa ana a Giredi 3 mpaka 5. Kumadzulo kwa Kenya, Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer anatsatira sukulu 121, momwe zina zinagawa ana a kalasi yoyamba potengera pomwe afika, zina mwa maere. Patatha miyezi 18 ana a m'sukulu zogawa potengera pomwe afika anakhoza kuposa anzawo, apamwamba ndi apansi omwe. Apansiwo anapindula chifukwa kwa nthawi yoyamba phunziro linkayambira pomwe iwo ali.

Mayeso opezera pomwe mwana wafika pa kuwerenga mungakonze nokha pa katoni imodzi. Igaweni zigawo zisanu. Chigawo choyamba chikhale ndi malembo 10 osatsatana. Chachiwiri maphatikizo 10, kuyambira ophweka monga ma, lu, ko kufikira ovuta monga mba, nkho, tsi. Chachitatu mawu 10, ena afupi monga mutu ndi galu, ena okhala ndi malembo ounjikana monga nkhwani, mphwayi ndi ng'ombe. Chachinayi ndime ya ziganizo 4 zazifupi. Chachisanu nkhani ya ziganizo 8 kapena 10 ndi mafunso awiri. Konzani makatoni awiri osiyana, chifukwa oyesedwa kale amauza anzawo panja.

Yambani pa ndime, osati pa malembo. Mwana akaiwerenga ngati munthu woyankhula, osalakwitsa koposa katatu, mukwezeni ku nkhani. Akakakamira, tsikani ku mawu: asankhe 5, ndipo akakhoza 4 ndiye kuti ali pa mlingo wa mawu. Akalephera tsikani ku maphatikizo, kenaka ku malembo. Kuyambira pakati kumafupikitsa nthawi, komanso kumapulumutsa mwana wodziwa kuwerenga ku manyazi otchula a, e, i. Musamuthandize, musamukonze, ndipo liwu loti mayeso musalitchule. Ingomuuzani kuti, "Tabwera undiwerengere pang'ono." Mwana mmodzi amatenga mphindi 3, ndiye kuti ana 100 ndi maola 5. Mukamayesa ana 10 pa tsiku, anzawo akulemba ntchito kapena nthawi yopuma, mumaliza m'masabata awiri. Masamu mumachita chimodzimodzi: kuzindikira manambala 1 mpaka 9, kenaka 10 mpaka 99, kuwonkhetsa, kuchotsera kobwereka, ndi kugawa.

Chenjerani ndi mwana woloweza. Alipo ana omwe buku la kalasi yawo amalinena lonse pamtima chifukwa cholibwereza mokweza ndi anzawo, koma mukaloza liwu limodzi pakati pa tsamba sangalitchule. N'chifukwa chake ndime ya pa katoni isachokere m'buku lomwe akugwiritsa ntchito. Aliponso owerenga mothamanga bwino koma osayankha mafunso awiri aja. Amenewa vuto lawo si malembo, ndi kumva zomwe awerenga, ndipo kuwabwezera ku maphatikizo n'kuwataya.

Nanga zokonda za mwana zigwire ntchito yanji?

Zili ndi malo ake, kungoti si omwe ambiri amaganiza. Zokonda zimathandiza kuti mwana ayambe ntchito ndi kukhalitsa pa ntchitoyo. Mu 1985 akatswiri ena ku Recife, ku Brazil, anayesa ana ogulitsa malonda mumsewu. Pa malonda ankawerengetsera mitengo ndi chenji pamtima molondola pafupifupi nthawi zonse, koma masamu omwewo atalembedwa pa pepala ngati a kusukulu, ambiri anawalakwa. Ana otere ali m'kalasi iliyonse kuno kwathu: wogulitsa mandasi ndi zitumbuwa Loweruka, wothandiza kuwerenga milu ya usipa kunyanja, wodziwa kuwerenga nkhomo pa bawo asanagwire n'komwe. Mukamudziwa, samu mumaiyambira pa malonda akewo, iye anene yankho ndi momwe walipezera, kenaka mulembe pa bolodi njira yakeyo m'manambala. Musathere pa mandasi. Cholinga ndi chakuti afike potha samu yolembedwa popanda nkhani.

Pofuna kudziwa zimenezi simufunika fomu ya mafunso ambirimbiri. Kwa ana a Sitandade 4 kupita m'tsogolo, mafunso anayi olemba pa kapepala akwanira: umachita chiyani ukaweruka, ndi phunziro liti lomwe limakuvuta ndipo limakuvuta pati, umakonda kugwira ntchito wekha kapena ndi mnzako, ndipo ukapanda kumva umatani. Funso lomalizali limaulula zambiri. Ambiri amayankha kuti amangokhala chete. Kwa ana aang'ono yang'anani nthawi yopuma: ndani amatsogolera masewera, ndani amajambula pa dothi, ndani amakhala payekha. Mayankho a mwana muwayerekeze ndi ntchito yake, chifukwa ana, monganso akulu, amakonda njira yomwe ikuoneka yophweka. Kuwerenga notsi mobwerezabwereza kumakoma kuposa kutseka kope n'kudzifunsa mafunso, koma chachiwirichi ndi chomwe chimakhazikitsa zinthu m'mutu.

Pomwe zokonda zimagwira bwino ntchito ndi posankha momwe mwana aonetsere kuti wamva. Mutaphunzitsa za kukokoloka kwa nthaka, wina ajambule phiri lodulidwa mitengo n'kulemba mayina a zigawo zake, awiri achite kasewero ka mlimi ndi mlangizi, wina alembe ndime. Koma onse ayankhe mafunso amodzi: chimayambitsa n'chiyani, chimawononga chiyani, tingachiletse bwanji. Chithunzi chokongola chopanda mayankho amenewa sichinakhoze. Ndipo yemwe wasankha kujambula lero, sabata yamawa alembe. Za mwana wamanyazi, musamusiye kuti ndi mmene alili, komanso musamuimiritse mwadzidzidzi pamaso pa anthu 100. Ayambe kuyankha kwa mnzake mmodzi, kenaka m'kagulu, kenaka mumuuziretu funso lomwe mudzamufunse mawa.

Phunziro la mphindi 35 ndi magulu atatu

Magulu akhale atatu. Milingo ya pa katoni ija ndi isanu, koma munthu mmodzi sangayendetse ntchito zisanu nthawi imodzi. Phatikizani a malembo ndi a maphatikizo, a mawu akhale paokha, a ndime ndi a nkhani akhale pamodzi. Gulu lalikulu ligaweninso m'timagulu ta ana 6 mpaka 8 okhala mozungulira, chifukwa akaposa pamenepo atatu okha ndi omwe amagwira ntchito, ena n'kumaonerera.

Tibwerere ku kuchotsera kobwereka. Mphindi 10 zoyambirira ndi za kalasi yonse. Onetsani samu imodzi ndi mitolo ya timitengo 10 yomangidwa ndi luzi: mitolo 5 ndi timitengo 2 tapadera. Funsani kuti tichotsa bwanji 7 pomwe tapadera tili 2. Masulani mtolo umodzi ana akuona, muwerenge nawo kuti tapadera tsopano ndi 12 ndipo mitolo yatsala 4, ndipo nthawi yomweyo dulani 5 pa bolodi n'kulemba 4. Dzanja lomasula mtolo ndi choko chodula nambala ziyendere limodzi, apo ayi ana amaona ngati timitengo ndi masewera ena, samu ndi chinthu china. Chitani yachiwiri pamodzi nawo. Kenaka mphindi 3: perekani samu imodzi, aliyense alembe yankho lalikulu m'kope n'kulikweza m'mwamba. Musafunse kuti, "Mwamva?" chifukwa yankho lake ndi "Eee" nthawi zonse. Makope okwezedwa amakuonetsani m'kanthawi kochepa yemwe lero akufunika kusuntha gulu.

Mphindi 17 zotsatira ndi za magulu. Oyamba agwire mitolo, apange manambala monga 34 ndi 41, amasule mtolo, achotse, mmodzi akulemba. Kagulu kalikonse kakufunika mitolo 9 ndi timitengo 20 tapadera, zomwe ana angabweretse okha tsiku limodzi. Zitsekerero za mabotolo zimagwiranso ntchito, koma mtolo ndi wabwino chifukwa umamasulika ndi kumangidwanso. Apakati achite masamu 6 a manambala awiriawiri m'makope, atatu oyamba obwereka, enawo osakaniza obwereka ndi osabwereka kuti aphunzire kusankha. Apamwamba apatsidwe masamu a nkhani, ena okhala ndi ziro pakati monga 304 − 128, kenaka apeke samu yawo yoti mnzawo achite. Onse akuphunzira chinthu chimodzi. Chasiyana ndi kukula kwa manambala ndi chithandizo chomwe ali nacho.

Ntchito za magulu awiri apamwamba zilembedwe pa bolodi kapena pa katoni phunziro lisanayambe. Mukayamba kulemba ana atakhala kale m'magulu, mphindi 5 zimapita ndipo phokoso limayamba. Tumizani kaye omwe angagwire okha, inu mukhale pansi ndi gulu loyamba kwa mphindi 10, kenaka muzungulire ena. Mphindi 5 zomaliza kalasi ibwerere pamodzi, gulu lililonse lionetse samu imodzi, ndipo loyambalo lisasiyidwe, chifukwa kufotokoza kwawo ndi mitolo kumathandiza ngakhale apamwamba omwe amabwereka mongoloweza. Simukuyenera kuchita zimenezi pa phunziro lililonse. Yambani ndi Chichewa kapena masamu, katatu pa sabata. Masabata awiri oyamba amakhala achisokonezo chifukwa ana akuphunzira kusuntha, kotero ayeserereni kusunthako pakokha mpaka azitha m'mphindi imodzi.

Pomwe zimasokonekera

Cholakwika chachikulu ndi gulu losasintha. Mwana akaikidwa pansi mu teremu yoyamba n'kukhala pomwepo mpaka chaka kutha, ndiye kuti tangomumata dzina lina m'malo mwa lija la maso ndi makutu. Ku sikelo ya ana sayeza mwana kamodzi n'kutseka buku. Amamuyeza mwezi ndi mwezi kuti aone ngati mzere ukukwera. Chitani chimodzimodzi: bwerezani mayeso a pa katoni pakatha masabata 4, mulembe tsiku ndi mlingo pambali pa dzina, ndipo wokwera asunthe tsiku lomwelo. Magulu a masamu asakhale omwewo a kuwerenga, popeza mwana akhoza kukhala pansi kwina, pamwamba kwina. Mayina a magulu akhale a mitsinje kapena mapiri, monga Bua, Linthipe ndi Ruo. Ana adzadziwabe kuti gulu liti likuchita zophweka, ndipo chimene chimachotsa manyazi si dzinalo koma kuona anzawo akusunthadi. Pa maphunziro ena, monga zaulimi ndi luso, asakanizeni.

China ndi kupeputsa ntchito mpaka kuchotsamo phunziro. Gulu loyamba likamangokopera manambala kapena kupaka zithunzi, likhala chete ndithu, koma silikuyandikira anzake. Ntchito yoyenera ndi yomwe mwana akukhoza pafupifupi 8 mwa 10. Akamakhoza zonse mosaganiza, yaphweka. Akamalakwa theka, yalimba, ndipo akungozolowera kulakwitsa. Kwa apamwamba, kuwapatsa masamu 20 a mtundu womwe anzawo apatsidwa 10 ndi chilango, ndipo posakhalitsa amaphunzira kuchedwa dala. Apatseni zozama, osati zochuluka. Kuwagwiritsa ntchito pophunzitsa anzawo n'kwabwino kamodzi kapena kawiri pa sabata, mutawaonetsa kuti azifunsa mafunso m'malo monena yankho. Tsiku lililonse ayi, nawonso anabwera kudzaphunzira.

Kujomba kumasokoneza magulu kuposa china chilichonse. Tsiku la msika, nyengo yodzala ndi kupalira, miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, ana ena amasowa sabata yathunthu. Wobwerera asangolowa pomwe anali. Mufunseni samu imodzi kapena mawu atatu pakhomo kuti muone ngati akadali pamenepo. Mwana wobwera wopanda kanthu m'mimba amagona m'kalasi, ndipo palibe gulu lomwe lingakonze zimenezo. Komwe kuli phala, ndi bwino phunziro lovuta likhale pambuyo pa phalalo.

Pali mantha enanso, akuti sikimu (ndondomeko ya zophunzitsa za teremu) itsalira ndipo ahedi kapena a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale m'dera) akabwera adzafunsa. Njira yake ndi kuwaonetsa ndandanda ya milingo ija musanayambe. Pepala losonyeza kuti m'kalasi ya Sitandade 4 muli ana angapo osadziwa maphatikizo limafotokoza lokha chifukwa chomwe mukupatulira nthawi. M'chikonzekero cha phunziro mutu ukhale womwewo wa mu sikimu, pansi pake mulembe ntchito zitatu. Ngati Sitandade 3 ili ndi aphunzitsi awiri kapena atatu, gwirizanani ola limodzi lomwe ana a makalasi onsewo asakanizidwe, mphunzitsi aliyense atenge mlingo umodzi. Zimapepuka kwambiri kuposa aliyense kuyendetsa magulu atatu payekha.

Mwana amene wayesedwa kawiri kapena katatu osasuntha, chikhalirecho amabwera tsiku lililonse, maso ndi makutu zili bwino, ndipo chilankhulo si vuto, akufunika diso lina. Sungani makope ake, lembani zomwe mwayesa ndi zomwe amalakwitsa mobwerezabwereza, monga kusinthanitsa b ndi d kapena kuiwala lero zomwe anadziwa dzulo. Kambiranani ndi makolo, muwafunse momwe amachitira kunyumba ndi ngati anadwalapo kwambiri ali wamng'ono. Kenaka kudzera kwa ahedi ndi a PEA, pemphani mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, mwa omwe amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, kuti adzamuone. Podikira, mwanayo apitirize kukhala m'gulu lake, ndipo mumupatse mphindi 5 zake tsiku lililonse pa chinthu chimodzi chokha mpaka achigwire.